Batani la Ulusi Wobiriwira

1

Ine ndine telala. Ndasoka zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezo sindinaonepo chiuno chonama. Pakamwa ndiye pamanama. Mayi akabwera n'kunena kuti sanasinthe chichitireni ukwati, ine sinditsutsa. Ndimangotenga tepi, n'kumuwerengera manambala mwaulemu.

Amuna anga anapuma pa ntchito zaka zitatu zapitazo. Ankayesa anthu ofuna chiphaso choyendetsera galimoto, ndipo mpaka lero anthu amawatchula kuti a Mwalephera, chifukwa mawu amenewo ankawanena mofatsa ngati akukufunsani za ana kunyumba. Atangopuma, magazi anayamba kuwathamanga. Dokotala anati achepetse mchere, asiye shuga, aziyenda. Bambo amenewa malamulo amawakonda kuposa ndiwo. Poyamba ankangozungulira mpanda wa nyumba yathu, kawiri m'mawa, kawiri madzulo, mpaka galu wa aneba anatopa kuwauwa. Kenako tsiku lina anandiuza kuti apeza paki ya nkhalango m'mbali mwa mtsinje, kunja kwa tauni. Anagula nsapato zoyendera, chipewa ndi ndodo. Loweruka lililonse ankanyamuka 8 koloko n'kubwerako cha m'ma 2.

Atayenda choncho miyezi khumi ndi inayi, chiuno chawo chinachoka pa mainchesi 38 kufika pa 41.

Buluku lawo lotuwa ndinalikulitsa katatu. Kachitatuko nsalu ya m'kati inali itatha, ndinachita kuikamo kachigamba kumbuyo. Nditafunsa, anati ndi mnofu wa kuyenda. Ine ndagwira ziuno zambiri, mnofu ndimaudziwa, ndipo uwu sunali mnofu. Kunkhalangoko ankapitadi, chifukwa kumapazi kwa buluku ndinkachotsako chisoso. Koma m'matumba ndinkapeza nyenyeswa za keke, ndipo m'nkhalango simumera keke.

Kenako kunabwera batani. Lachisanu lina ndikusita malaya awo oyera, ndinapeza batani lachitatu litasokedwa ndi dzanja losakhala langa. Ulusi wake wobiriwira, pa malaya oyera. Mfundo yake ngati ya pathumba la mbatata. Batanilo linapendekeka ngati likumvetsera zokamba za eni. Kuti amuna anga ali ndi mkazi wina zinandiwawa ndithu, koma kuti mkaziyo asoke chonchi pa malaya ochokera m'nyumba mwa telala, ndinaona kuti ndi chipongwe chochita kukonza.

Sindinalire, sindinafunse. Ndinasita malayawo, n'kuwapachika. Mmene zibwenzi zamseri zimayendera ndinkadziwa, kuposa mmene mungaganizire mukaona mayi wa magalasi pamphuno ndi tepi m'khosi.

2

Madzulo ake tikudya, ndinawauza kuti mawa ndipita nawo kokayenda.

Anapitiriza kutafuna. Mwamuna wa chibwenzi amatsamwa, kapena amakumbukira mwadzidzidzi kuti mawa kuli msonkhano. Awa anameza bwinobwino, n'kupukuta pakamwa.

"Muvale nsapato zafulati," anatero. "Kuli mizu."

Kenako anandipempha kuti ndiwapatsire madzi. Kudekha kumeneko kunandiopsa kuposa batani.

Ndisanakutengeni kupita kunkhalango, ndikuuzeni za nyumba yathu. Ili ndi zipinda zitatu. China ndi chathu. China, chakumbuyo, ndi chosokeramo, ndipo chili ndi khomo lakelake lolowera makasitomala. Chachitatu, choyandikana ndi chosokeramocho, ndinkasungiramo nsalu. Kale chinali cha mwana wathu, mmodzi yekhayo amene tinapatsidwa. Ali wamng'ono ankathamanga osaima mpaka kuomba khoma, ndiye bambo ake anamupatsa dzina loti Nabuleki. Dzinali linali litatha zaka zisanu ndi chimodzi lisakutchulidwa m'nyumbamo.

Nkhani imene achibale ankaidziwa ndi iyi. Nabuleki anali ndi zaka makumi awiri, ali pa tchuthi kuchokera ku sukulu yophunzitsa zophika. Lachitatu lina masana bambo ake anaweruka msanga chifukwa galimoto yoyesera inawonongeka. Anakumbukira kuti mwanayo ankadandaula za loko wa zenera lake, ndiye analowa m'chipinda mwake ndi sikuludiraiva. Posuntha pilo kuti agwade pabedi, anapeza jekete ya mwamuna. Anaizindikira. Inali ya mnzawo wapamtima, mwini sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, bambo wa ana anayi amene ankadya patebulo pathu.

Jekete m'nyumba mwa telala si nkhani. Koma iyi inali pansi pa pilo wa mtsikana, ndipo kolala yake itapindukira m'mwamba. Kuseri kwa kolalayo kunali kambalame kakang'ono kosokedwa ndi ulusi wofiira, malo amene munthu sasokapo kanthu pokhapokha ngati ali ndi chifukwa.

Anatiitana tonse awiri pabalaza. Anaika jeketeyo patebulo, n'kufunsa kuti kambalameko anasoka ndani. Panapita kanthawi.

"Ndine, abambo," anatero Nabuleki.

Amuna anga sanakalipe. Ndi munthu amene sanavalepo malaya osapisira, sanaimikepo kolala ngakhale kuzizire bwanji, ndipo sanakwezepo mawu. Anangomuuza kuti dzuwa lisanalowe akhale atachoka, ndipo asadzabwerenso. Mnzawo uja anasamuka m'tauni mwezi usanathe. Aneba tinawauza kuti mwana wapeza ntchito kutali.

Ine tsiku limenelo sindinanene kanthu.

3

Loweruka tinakwera basi mpaka kumapeto kwa msewu wa tala. Amuna anga anali ndi ndodo yawo, malaya oyera a batani aja, ndiponso chikwama cham'manja chomwe sindinkawaona nacho masiku ena onse. Ndinaganiza kuti muli mphatso ya mkaziyo, ndipo ndinakonzeka kuiona.

Pachipata cha paki mlonda anawapatsa moni ngati m'bale wake. Anandiyang'ana ine nthawi yotalikirapo, n'kunena kuti lero mwabwera awiri. Pambali panali chikwangwani cha mapu ndi malamulo. Njira zinali ziwiri, zozindikiritsidwa ndi timitengo topaka penti. Yachikasu imazungulira pang'ono n'kubwerera kuchipata. Yofiira imatsatira mtsinje mpaka kumtunda. Amuna anga anandiwerengera malamulo onse khumi ndi limodzi mokweza, kuphatikizapo loletsa kusambira, ngati ndinabwera ndi thawulo.

Ndiye tinayamba kuyenda, ngati ndingakutche kuyenda. Amayenda ngati galimoto ya wophunzira tsiku loyamba. Mtengo uliwonse waukulu unali ndi kachitsulo kolembedwa dzina lake, ndipo palibe kachitsulo kamene tinakadutsa osakawerenga. Anandisonyeza mphako ina momwe anati mumakhala agologolo awiri osagwirizana. Anandiimitsa kuti ndimvetsere mbalame ina yomwe, malinga ndi iwo, imalira katatu n'kupuma. Inalira kawiri. Tinadikira kachitatu mphindi zisanu.

Ine mitengo sindinabwerere. Maso anga anali pa akazi. Panadutsa wina wothamanga, zomvera nyimbo m'makutu, koma sanawayang'ane n'komwe. Panadutsa wina wokoka galu wonenepa, ndipo galuyo ndi amene anawadziwa. Pamalo ena tinapeza mayi akusesa masamba panjira, amene anawapatsa moni wautali. Ndinamuyandikira, n'kuyang'ana mpendero wa ovololo yake. Unali wosokedwa ndi manja, mwaudongo, mzere wowongoka. Ndinamupatsa moni ndi mtima woyera.

Ndivomere kuti malowo anali okongola, ndipo zinandikwiyitsa. Ndinabwera kudzagwira munthu, koma mphepo inali yozizirira bwino, kunkanunkhira masamba onyowa, ndipo dzuwa linkagwa pansi timadontho timadontho kudutsa m'nthambi. Mtsinje tinayamba taumva tisanauone. Titatulukira pagombe lake, madzi anali oyera moti miyala ya pansi inkaoneka, ndipo mapewa anga, omwe akhala atawerama pa makina zaka zonsezi, anatsika okha. Pamalo ena oterera amuna anga anandipatsa dzanja. Ndinayesa kukumbukira kuti ndinaligwira liti komaliza, ndinalephera.

Tinafika pa mlatho wa matabwa. Pansi pake panali bambo wina ndi mbedza. Amuna anga anati chiyambireni kubwera kuno sanamuonepo atagwira nsomba, koma amamulemekeza chifukwa sajomba. Tinaima pakati pa mlathowo, manja pa chitsulo chogwirira, madzi akudutsa pansi pathu.

Pamenepo anayamba kundifotokozera za ntchito yawo, nkhani yomwe sankaikamba kunyumba. Anati woyesa wabwino sauza munthu cholakwa chake pomwepo. Munthu akadutsa chikwangwani osaima, iwe umangolemba, n'kumusiya ayendetse mpaka kumapeto. Mukaima, umakhala chete pang'ono. Ambiri amayang'ana kutsogolo n'kumayembekezera kuti mwina sunaone. Koma ena amatembenuka n'kunena okha kuti paja pamphambano sindinaime. Amenewo, anatero, ankawauza kuti abwerenso sabata yotsatira. Enawo ankawapatsa miyezi itatu.

Ndinaganiza kuti akukonzekera kuulula, ndipo ndinawayamikira mumtima kuti akuyamba bwino.

4

Kutsidya kwa mlatho njira zija zimasiyana. Yachikasu imakhotera kumanzere kubwerera kuchipata, yofiira imakwera ndi mtsinje. Pamphambanopo pali benchi. Tinakhala, iwo n'kuika chikwama chija pamiyendo.

Ndinadikira. Anayang'ana madzi. Kenako kuleza mtima kunandithera, ndinatambasula dzanja n'kugwira batani lija.

"Batani ili anasoka ndani?"

"Munthu wosadziwa kusoka."

"Zimenezo ndaona kale. Ndikufunsa kuti ndi ndani."

"Mwana wa telala," anatero. "Ine ndinkaganiza kuti mwana wa telala amabadwa akudziwa singano. Ndi mmene amuna timaganizira."

Anatsegula chikwama. Munalibe mphatso. Munali jekete yawo ya ukwati, yakuda, imene ndinawasokera ndekha tili pa chibwenzi, pa makina obwereka kwa azakhali anga. Anaiyala pamaondo, n'kuisalaza ndi manja monga amachitira ndi nyuzipepala.

Anandikumbutsa za maliro a mnzawo wa kuntchito, chaka chathachi, tsiku lomwe kunali mphepo ndi mvula yowaza. Ine sindinapite, ndinali ndi madiresi a ukwati wa anthu. Anati ataima kumanda, khosi linawazizira koopsa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anaimika kolala. Mayi wina amene anaima kumbuyo kwawo anawagwira paphewa n'kuwanong'oneza kuti bambo, kambalame kanu n'kokongola.

Anatembenuza kolalayo pamaso panga. Kanali pomwepo. Ulusi unali utasuluka, koma mlomo wake, phiko lokwezeka, timiyendo tiwiri, zonse zinali monga ndinazisiyira zaka makumi atatu zapitazo. Sindinawauzepo. Ndinkafuna adzakapeze okha, ndipo pakupita kwa zaka ndinaiwala kuti sanakapeze.

"Kambalame aka ndinakaonapo kamodzi," anatero. "Pa jekete ina. Pamene munkasoka aka, mwana wathu anali asanabadwe."

Bambo wa mbedza uja anaponyanso chingwe chake m'madzi. Ndinamva kulira kwa mbalame ija, ndipo ulendo uno inalira katatu.

5

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinasiya pofotokoza za Lachitatu lija.

Chibwenzicho chinali changa. Chinatha miyezi isanu ndi itatu. Bamboyo ankalowera khomo la makasitomala, atanyamula mabuluku osafuna kukonza chilichonse. Musandifunse chifukwa chake ndinamusokera kambalame. Ena amalemba makalata, ine ndili ndi singano basi. Masana amenewo titamva geti yakutsogolo ikutsegulidwa, iye anathawira kumbuyo ndi malaya okha. Ine ndinatola jekete, n'kuiponya m'chipinda chapafupi, pansi pa pilo. Nabuleki ankachokera kugolosale. Anakumana ndi bamboyo pa kageti kakumbuyo, akuthamanga nsapato zili zosamanga, kenako anakumana ndi ine pakhomo la chipinda chake. Anangoika buledi patebulo.

Pabalaza paja, bambo ake atafunsa, mwanayo anandiyang'ana kaye. Anandipatsa mpata wonse. Ine ndinayang'ana maluwa a pa nsalu ya patebulo. Ndiye iye anayankha.

Ndinadziuza kuti mwana amakhululukidwa, mkazi sakhululukidwa. Ndinati bambo ake akwiya sabata imodzi, kenako amutumizira uthenga. Sabata inakhala mwezi. Mwezi uliwonse ukadutsa, kuulula kunkalemera kuposa mwezi wathawo. Achibale ankandipepesa chifukwa cha mwana wochititsa manyazi, ine n'kumalandira chipepesocho. Ndipo sindinamufunefune. Ndikhoza kukuuzani kuti sindinkadziwa kumene ali, ndipo ndi zoona, koma sindinkadziwa chifukwa sindinkafuna. Kumupeza kukanafuna kuti ndiyankhule.

Amuna anga ndi amene anamufuna. Pabenchipo anandiuza kuti zinawatengera mwezi, kudzera mwa mnzake wa kusukulu. Anamupeza kumapeto kwa njira yofiira, komwe kuli kanyumba kogulitsira tiyi ndi makeke kwa anthu oyenda. Ndiye wophika wamkulu pamenepo. Tsiku loyamba anangokhala patebulo, mwanayo n'kuwabweretsera tiyi ngati kasitomala wina aliyense. Loweruka lachitatu anamuuza kuti pa nkhani ija amene analephera ndi iwo. Sanamuuze zimene akudziwa, ndipo iye mpaka tsiku limenelo anali asanatchule dzina langa pa nkhaniyo. Ankanditetezabe.

Za chiuno anati n'zosavuta. Chilichonse chimene mwanayo waika patsogolo pawo amadya, chifukwa alibe nkhope yomukanira kanthu. Batani linathothoka ali komweko, iye n'kulisoka ndi ulusi wa maepuloni awo. Malayawo anachita kuwaika pamwamba pa zochapa kuti ndisawaphonye.

"Bwanji simunandifunse?" ndinatero.

"Ndinkadikira kuti mutembenuke nokha. Ndadikira miyezi khumi ndi inayi." Anapinda jekete, n'kuibwezera m'chikwama. "Njira yachikasu ikukafikitsani kuchipata. Basi imabwera theka lililonse la ola. Ine ndikupita uku, ndachedwa kale."

Anadzuka, n'kuyamba kukwera ndi ndodo yawo, osacheuka. Ndinakhala pabenchipo mpaka chipewa chawo chinabisika m'mitengo. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinadzuka mwamsanga. Zoona zake n'zakuti ndinayang'ana njira yachikasu nthawi yaitali, ndipo ndinaganiziranso ngakhale za nthawi ya basi.

6

Njira yofiira ndi yokwera, ndipo mizu imene anandichenjeza ija ili kumeneko. Ndinagwa kamodzi. Ndinawapeza amuna anga akundidikira pa mtengo wina, akunamizira kuwerenga kachitsulo kake.

Kanyumba ka tiyi ndi ka matabwa, kali ndi khonde loyang'ana mtsinje ndi matebulo asanu ndi limodzi. Patebulo lina panali anthu awiri okalamba akugawana keke imodzi. Kuseri kwa kabati yagalasi kunaima mtsikana wa epuloni yobiriwira, tsitsi lake atalimeta lalifupi. Anali atachepa thupi. Ndinamuyeza ndi maso, chifukwa ndi chizolowezi, ndipo ndinapeza kuti sindikudziwanso manambala a mwana wanga.

Anawaona bambo ake, n'kumwetulira. Kenako anandiona ine. Anapukuta manja pa epuloni, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Anatisonyeza tebulo la pakona monga amachitira ndi aliyense, n'kufunsa ngati tiyi akhale wa mkaka.

Amuna anga anakhala. Ine ndinadziwa kuti ndikakhala pansi sindiyankhulanso zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndiye ndinayankhula chiimire, ndikuyang'ana iwo, kuti mwanayo amve.

"Bambo, jekete ija ndinaibisa ndine. Kambalame ndinasoka ndine. Mnzanu uja ankabwerera ine. Mwana uyu sanachite kanthu, anangondiona."

Okalamba aja anasiya keke yawo. Amuna anga anagwedeza mutu kamodzi, ngati alemba penapake. Nabuleki anaima, thireyi ili m'manja.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndinalipo."

Ndinayamba kupepesa. Mawu anali ambiri ndipo onse anali otchipa. Anandisiya mpaka ndinawamaliza. Kenako anaika thireyi patebulo, n'kuyankhula motsitsa, osakwiya, ngati akundiuza mitundu ya makeke.

"Tsiku lija ndinakakhala ku depoti. Ndinasiya mabasi anayi apite. Ndinkati amayi abwera, anena, tibwerera limodzi. Ndinakhala pafupi ndi khomo kuti musavutike kundifuna. Yachisanu inali yomaliza."

Ine madzulo amenewo ndinali pa makina, ndikumaliza diresi ya kasitomala amene ankaifuna m'mawa mwake. Ndikukumbukira mtundu wake. Ndinaisoka bwino kwambiri.

Pamenepo ndiye ndinalira, kulira konyansa kwa munthu wamkulu, mamina ndi zonse. Palibe amene anandigwira. Nabuleki anapita kukhitchini, n'kubwerako ndi makapu awiri a tiyi ndi chidutswa chimodzi cha keke. Chidutswacho anaika patsogolo pa bambo ake. Iwo anachidya chonse, pang'onopang'ono, n'kutola nyenyeswa ndi chala.

7

Papita miyezi isanu ndi itatu. Banja silinathe, koma amuna anga anatulutsa nsalu zanga m'chipinda cha mwana, anakonza loko wa zenera uja, ndipo amagona mmenemo. Achibale ndinawayendera mmodzimmodzi, onse amene anandipepesa, kukawabwezera chipepeso chawo. Alamu anga aakazi anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kupita kukatenga nsalu zawo zomwe zinali kwa ine. Makasitomala ena anachoka. Ena anabwera atsopano, ofuna kungondiona nkhope, ndipo nawonso ndimawayeza mwaulemu.

Loweruka lililonse timakwera basi ya 8 koloko. Mlonda anazolowera kutiona awiri. Mayina a mitengo ndikuwadziwa tsopano, agologolo aja sanagwirizanebe, ndipo bambo wa mbedza sanagwirebe kanthu. Pamphambano paja sindiyang'ananso kumanzere. Nabuleki amandipatsa moni, amandiikira tiyi. Sananditchulebe kuti amayi, ndipo sindinamupemphe. Mwezi watha anadula chidutswa cha bambo ake pakati, n'kukankhira theka kumbali yanga, akunena kuti dokotala wawo angadandaule. Ndinadya. Amaphika bwino kwambiri, ndipo sanaphunzire kwa ine.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukuganiza kuti tchimo langa ndi chibwenzi chija. Nalonso ndi tchimo, sindikukana, koma linatha miyezi isanu ndi itatu. Linalo linatenga kanthawi kochepa pabalaza, pamene mwana anandiyang'ana ine n'kuyang'ana nsalu ya patebulo, ndipo ndinalibwereza m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ngati pali wina amene akusenzerani mlandu wanu lero, musadzinamize kuti wazolowera. N'kutheka kuti wakhala pafupi ndi khomo kuti musavutike kumufuna. Mabasi akupita.

Batani lija likadali pomwepo, lopendekeka, ndi ulusi wake wobiriwira. Tsiku lina ndinatenga lumo kuti ndilisokenso bwino, amuna anga anandigwira dzanja, n'kunena kuti limenelo lisakhudzidwe. Ndiye Lachisanu lililonse ndimasita malayawo, ndipo ndikafika pa batani lachitatu ndimalambalala.